Mafunso ndi mayankho: za kuberna, kushera ndi kupulomota nyimbo kuno ku Zomba

Ine ndimajambula nyimbo, kasitudiyo kanga kali ku Chinamwali, ndipo nthawi zina ndimathandizanso afana kukankha nyimbo zawo zikatuluka. Mafunso ali mmusiwa ndi amene amabwera pafupipafupi, ena amandifunsa ku inbox, ena timakumana pa depoti nkundiimitsa, ena ndi ana a sukulu aku Chanco amene amabwera kudzajambula Loweruka. Nde ndati ndingowalemba pamodzi kuti aliyense aziwerenga yekha. Nkhani ikafika ku khoti mukafune loya, zanga ndi zimene ndaziona pantchitoyi.

Kodi ndikamutumizira mnzanga nyimbo pa WhatsApp kapena pa Bluetooth ndiye kuti ndaba?

Zimatengera kuti mwini nyimboyo ananena chani. Nyimbo iliyonse ili ndi mwini wake amwene, sinagwe kumwamba ngati mvula ayi, alipo wina amene anakhala pansi nkulemba, wina anapanga biti, wina anagulitsa thumba la chimanga kapena nandolo kuti alipire situdiyo. Ngati mwiniyo waitulutsa yekha nkunena kuti tengani mwaulere, gawanani, palibe mlandu, tumizani mpaka foni itenthe. Koma ngati ananena kuti nyimboyi ikugulitsidwa, inu nkugula kamodzi kenako nkuiponya mu gulupu ya anthu 300, pamenepo mwamulanda makasitomala onsewo ndi chala chimodzi. Mwina simunafune kumupweteka, mwina mumamukonda zedi, koma ndalama imene ikanalowa pa Airtel Money kapena pa Mpamba yake siilowanso.

Komatu oyimba okhawo ndi amene amatidandaulira kuti tizishera, nde vuto lili pati?

Eya zoona, ndipo ine ndemwe ndimawauza afana ongoyamba kumene kuti nyimbo ziwiri zitatu zoyambirira azingozitulutsa ulele kuti anthu amve kaye mawu awo. Munthu amene sanakumvepo sangakugule. Koma taonani kusiyana kwake, pamenepo wasankha ndi mwini. Mlimi akathyola chimanga chachiwisi mmunda mwake nkukupatsani ndi mphatso, inu mukalowa nokha usiku nkuthyola ndi umbava, olo chimangacho chikhale chomwecho. Ndiye chimene ndimapempha nchimodzi, funsani, kapena onani pa peji yake kuti iye anaiika bwanji. Ngati anaika linki, sherani linkiyo osati fayilo, chifukwa linki imawerenga anthu amene amvera ndipo manambala amenewo ndi amene amakaonetsa kwa okonza mashoo akamakambirana za malipiro.

Nanga anyamata oberna nyimbo mumsika ndi pa depoti aja, akulakwa?

Funso ili limandivuta ndipo sindiliyankha mwachidule. Ambiri mwa anyamata amenewa ndimawadziwa, ena tinaphunzira limodzi, ali ndi kakompyuta kakale ndi sipika imodzi panja, ndalama imene amapeza pothira nyimbo mu memory card kapena mu fulashi ndi imene amagulira ufa ndi kulipira lendi. Komanso tisaname, kwa munthu wa ku Jali kapena ku Mayaka amene ali ndi kafoni kamabatani ndipo bandulo sangaikwanitse, mnyamata wobernayo ndiye wailesi yake, ndiye sitolo yake ya nyimbo. Nyimbo zambiri zimene zinagunda mmaminibasi ndi mmaukwati zinadutsira kwa iwowa.

Koma chilungamo chake nchakuti akugulitsa katundu wa eni ake ndipo eniwo sakulandirapo olo tambala. Amene tinakula nthawi ya makaseti tikukumbuka, woyimba ankanyamula master yake, tepi yoyambirira yaku situdiyo, kupita nayo kwa O.G. Issa, wogulitsa nyimbo ku Limbe, makaseti nkupangidwa, pa kaseti yeniyeni pamakhala kasitika konyezimira ka COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso, kosonyeza kuti si yachinyengo. Ndalama sizinali zambiri koma munthu ankadziwa kuti chimbale chikayenda bwino agula malata. Msika umenewo unafa, ma CD oberna atabwera kenako ma memory card, ndipo lero woyimba amatha kumveka kuyambira ku Songani mpaka ku Thondwe koma iye akukwera kabaza ya ngongole.

Ine sindifuna kuti anyamatawa athamangitsidwe. Ndimafuna azigwira ntchito ndi chilolezo, akafunse ku COSOMA za laisensi, komanso azimvana ndi oyimba a konkuno. Ndinaonapo zikutheka, mfana wina wa gospel anapita yekha kwa oberna angapo mtauni muno nkuwapatsa nyimbo imodzi kuti aziithira ulele kwa aliyense, koma chimbale chonse akagulitsa azimupatsako gawo lake Loweruka lililonse. Ena anasunga pangano, ena ayi, komabe anapezako kena kake kusiyana ndi kungokhala nkumatukwana pa Facebook.

Ndinamva zoti tikagula foni kapena fulashi timakhala talipira kale oyimba. Ndiye kuti titha kumakopera mmene tafunira?

Mwamva theka. Lamulo la Copyright la 2016 linabweretsa kamsonkho kamene anthu amati blank media levy, kamadulidwa pa zipangizo zosungira zinthu monga mafoni ndi mafulashi zikamalowa mdziko, ndipo ndalamazo COSOMA imagawira eni luso. Cholinga chake ndi kupepesa eni nyimbo pa kukopera kwa pakhomo, monga inu kuchotsa nyimbo yanu mu foni nkuiika mu laputopu kuti muzimvera nokha. Si chiphaso chotsegulira bizinesi yogulitsa nyimbo za eni, kapena kuziika pa intaneti kuti dziko lonse lidzitengere.

COSOMA ndi chani kwenikweni, ndipo ine woyimba wamng'ono ndikalembetse?

Ndi bungwe la Copyright Society of Malawi, linakhazikitsidwa mu 1992 kutsatira lamulo la 1989, ndipo ntchito yake ndi kutolera ndalama kwa amene amagwiritsa ntchito nyimbo pa bizinesi, monga mawailesi, ma TV, mabala, mahotela, nkugawira eni ake. Kalembetseni, musadikire kutchuka. Umwini wa nyimbo umayamba pomwe mwaipanga, suyembekezera pepala, koma bungwelo silingakupatseni ndalama ngati silikudziwa kuti muliko komanso kuti nyimbo yakutiyakuti ndi yanu. Oyimba amadandaula ndithu kuti ndalama zimachedwa kapena zimachepa, ndipo ena mwa mawailesi amakhala ndi ngongole, madandaulo amenewo ndi oyenera kuwanena mokweza, koma amawanena bwino ndi munthu amene ali mkatimo. Palinso Musicians Union of Malawi ngati mukufuna kukhala pamodzi ndi anzanu.

Ndili ndi peji yotchuka, ndimaposita nyimbo zatsopano. Ndingaikemo mawu otchula dzina la peji yanga mkati mwa nyimbo?

Ayi, pokhapokha mwini atavomera. Ichi chimandiwawa ngati pulodyusa, munthu wakhala usiku wonse ukukonza mawu kuti amveke bwino, magetsi akuzimazima, kenako wina amene sanakhetsepo thukuta nkudzaponya kamawu kake pakati pa kolasi penipeni, katatu konse, chithunzi cha pachikuto nkuchotsa kuikapo logo yake, dzina la pulodyusa nkufufuta. Ena amafinyanso fayiloyo kuti ichepe mpaka nyimbo imamveka ngati ikuchokera mchitini. Lamulo limateteza ngakhale zimenezi, mwini ali ndi ufulu woti dzina lake litchulidwe komanso woti ntchito yake isaonongedwe. Ngati mukufuna dzina lanu lidziwike liikeni mmawu amene mwalemba pamwamba pa positi, nyimboyo isiyeni mmene inabwerera.

Kodi kulipiritsa woyimba kuti ndimupositire nyimbo nkulakwa?

Sikulakwa. Peji munaimanga nokha, bandulo mumagula nokha, ndi bizinesi ngati chikwangwani cha mmbali mwa msewu. Cholakwa ndi zinthu zitatu izi zimene ndimaziona tsiku ndi tsiku. Kulandira ndalama kenako nkulemba ngati ndi maganizo anu kuti iyi ndiye nyimbo ya chaka, osawauza okutsatirani kuti positiyi ndi yolipiridwa, kumeneko ndi kuwanamiza anthu amene amakukhulupirirani. Kulonjeza zimene simungathe, zoti ndikufikitsa pa ma TV akunja, ndikulumikiza ndi akuluakulu aku Lilongwe, chonsecho mungoiponya mmagulupu asanu a WhatsApp momwe muli anthu omwewomwewo. Ndiye pali china chonyansa kwambiri, kuopseza, zoti ukapanda kulipira tikulemba zoipa kapena sitidzakutchulanso.

Mtsikana wina wa ku Matawale anabwera kuno akulira, anatumiza ndalama imene mayi ake anatapa ku banki mkhonde kwa munthu wina wodzitcha pulomota, munthuyo anaposita kamodzi pakati pa usiku, mmawa kutacha positi anaichotsa, nambala nkumubuloka. Ndiye achemwali ndi achimwene, musanatumize ndalama funsani kuti aposita kangati, pati, tsiku liti, ndipo zimenezo akulembereni pa meseji muisunge. Funsaninso oyimba awiri atatu amene anagwirapo naye ntchito. Wachilungamo sakwiya ndi mafunso amenewo.

Nanga DJ wa pa wailesi akandiuza kuti ndimupatse ya mayunitsi kuti aziiseweretsa?

Chimenecho ndi chiphuphu olo atachipatsa dzina lokoma. Kusiyana kwake ndi peji ya munthu nkwakuti DJ analembedwa ntchito kuti azisankhira omvera nyimbo zabwino, ndipo wailesiyo ndi imene imayenera kulipira inu kudzera ku COSOMA, osati inu kulipira iye mseri. Ngati mukufuna kugula nthawi pitani ku ofesi ya zamalonda, mulipire, akupatseni lisiti. Ndikudziwa kuti ambiri amangopereka poopa kuti nyimbo ifera mu fulashi, sindikuwaweruza, koma mukayamba simudzasiya, nyimbo iliyonse azidzadikira envulopu. Kuno tili ndi mwayi woti mawailesi ali pafupi, Chanco Community Radio ndi YONECO FM ali momuno, nyamukani nokha mukasiye nyimbo yomveka bwino, yolembedwa dzina lanu, dzina la nyimbo ndi nambala yanu, osati fayilo yolembedwa kuti track 01 final final.

Mnzanga wa mu situdiyo wandipatsa nyimbo imene sinatuluke. Ndikaiposita ndikhala woyamba, vuto ndi chani poti ituluka ndithu?

Musatero chonde. Izi zinandichitikira ine ndemwe ndipo mpaka lero zimandipweteka. Tinajambula nyimbo ndi mnyamata wina waluso kwambiri, tinali tisanamalize mix, vesi yachiwiri amafuna akaibwerezenso chifukwa tsiku limenelo anali ndi chimfine. Wina amene ankabwera kudzacheza mu situdiyo anaikopera mu foni yake ine nditatuluka kukagula magetsi. Pasanathe masiku atatu inali mmagulupu, kenako kwa oberna. Mnyamata uja anali atasunga ndalama ya vidiyo, atakonza zoti adzaitulutse pa shoo yake, zonse zinagwa, ndipo pomwe yeniyeni yomalizidwa bwino imatuluka anthu anati aaa iyi ndi yakale. Choipa kwambiri anayamba kundikayikira ine, tinatha miyezi osayankhulana. Kuyambira pamenepo kompyuta ya mu situdiyo ili ndi pasiwedi ndipo palibe amene amalumikizako foni yake, olo akhale mbale wanga.

Tsiku lotulutsa nyimbo ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zimene woyimba wosauka ali nazo mmanja mwake. Mukamulanda chimenecho kuti mupeze ma like, mwamulanda zambiri kuposa mtengo wa nyimboyo.

Ndatenga biti pa YouTube yolembedwa kuti free. Nyimboyo ndi yanga eti?

Mawu ndi anu, biti si yanu. Werengani pansi pa vidiyoyo, ambiri amalemba kuti ndi yaulere pokhapokha ngati simupangira ndalama, ndiye mukadzaiika pa Spotify kapena mukadzafuna kudyapo pa YouTube makina awo a Content ID amaizindikira, ndalama nkupita kwa mwini biti kapena nyimbo nkuchotsedwa. Ifeyo oyimba timakonda kulira kuti akutibera chonsecho biti tatola ya eni, pulogalamu yojambulira ndi yokhadzula, chithunzi cha pachikuto wojambula wake sitinamulipire. Tiyambe ndife kulemekeza thukuta la anzathu. Apulodyusa a konkuno alipo ambiri, ku Chikanda, ku Mpondabwino, ku Sadzi, kambiranani nawo.

Ndalipira situdiyo ndine, nde pulodyusa akufunanso chani pa nyimbo yanga?

Apa mpamene maubale ambiri amathera. Mu nyimbo imodzi muli zinthu ziwiri, pali nyimbo yopekedwayo, kutanthauza mawu ndi mayimbidwe ake, ndiye pali chojambulidwacho, fayilo imene yatuluka mu situdiyo. Munthu utha kukhala mwini wa chimodzi osakhala mwini wa chinacho. Ngati pulodyusa wapeka biti yekha ndiye kuti wapeka nawo nyimboyo, pokhapokha mutagwirizana kuti ndalama mwamupatsayo mwagula zonse. Ndiye gwirizanani musanayambe, lembani pa pepala olo la mu kope, ndani walemba mawu, ndani wapanga biti, aliyense gawo lake ndi lotani, nonse musayine, aliyense ajambule pa foni.

Anthu amaseka ndikatulutsa pepala, amati akulu kanyimbo aka kafika kuti. Simungadziwe. Ndani ankaganiza kuti nyimbo zojambulidwa mkati mwa ndende ya Zomba momuno zingakafike pa mndandanda wa opikisana pa Grammy, mphotho zikuluzikulu za nyimbo ku America, mu 2016? Koma Zomba Prison Project inafika. Nyimbo ikakhala ilibe ndalama aliyense ndi mbale wako, ikangogunda mpamene aliyense amakumbukira kuti kolasi ija ndinayambitsa ndine. Makwaya ndiye muchenjere kwambiri, chifukwa wopeka amakhala mmodzi, oyimba 30, ndalama ya situdiyo yasonkhedwa ndi mpingo, ndipo wopeka uja akadzasamuka mkangano umayamba.

Kodi pa Spotify, Boomplay, Audiomack ndi YouTube pali ndalama zenizeni?

Zilipo koma musayembekeze kugula galimoto mwezi wa mawa. Spotify inayamba kupezeka ku Malawi mu 2021, ndipo nyimbo simuiika nokha mwachindunji, mumadutsira kwa ogawa monga DistroKid, TuneCore kapena CD Baby, amene ambiri amafuna khadi ya ku banki yotha kulipira kunja, chimene ndi chipsinjo kale kwa mfana wa kuno. Munthu akamvera masekondi 30 mpamene amawerenga kuti wamvera, ndalama ya kumvera kumodzi ndi kachinthu kochepetsetsa, ndipo kuyambira 2024 pa Spotify nyimbo imene sinamveredwe kokwana ka 1,000 pa miyezi 12 siilandira kanthu. Ubwino wake ngwakuti abale athu ali ku Johannesburg, ku Cape Town kapena ku UK amaipeza mosavuta, komanso dzina lanu limakhala litalembedwa penapake kuti nyimboyi ndi yanu. Kwa ambiri kuno ndalama yeniyeni ikadali ku mashoo, maukwati, ndi kugulitsa mwachindunji pa foni.

Za kugula ma views ndi ma stream zisiyeni. Ndi makina amene amamvera, osati anthu, eni mapulatifomu akazindikira amachotsa nyimbo, ndipo olo asazindikire mudzaitanitsa shoo ku Gymkhana nkupezeka mwabwera anthu 12 chonsecho pa intaneti mukuoneka ngati muli ndi chikhamu.

Mnzanga watulutsa nyimbo yosakoma ndipo akufuna ndilembe zoiyamikira. Nditani?

Muuzeni zoona, koma kumbali kaye. Ngati mumalemba za nyimbo pagulu, nenani za nyimboyo, kuti mawu akubisika ndi biti, kuti vesi ikutalika, osati za nkhope yake, mtundu wake kapena banja lake. Kuyamikira chilichonse kumapha luso ndipo anthu amasiya kukukhulupirirani, komanso kunyoza mwana wa eni kuti anthu aseke ndi nkhanza chabe.

Nyimbo za oyimba amene anatisiya, kapena za makolo monga za manganje ndi tchopa, zilinso ndi eni?

Woyimba akamwalira umwini sufera naye limodzi, umapitirira zaka 50 ndipo odyerapo ndi banja lake. Ndiye amene mumaika zimbale zonse za malemu pa tchanelo chanu nkumati tikuwakumbukira, dziwani kuti kwinakwake kuli mayi wamasiye ndi ana amene akanathandizika. Ndikumvetsa kuti nyimbo zina zakale zikanatayika pakanapanda anthu amene anasunga makaseti nkuzisamutsira pa kompyuta, ntchito imeneyo ndimailemekeza kwambiri, koma afufuzeni abanja, auzeni, ndipo ngati pakubwera ndalama ipite kwao. Za makolo nazo lamulo linaziika mmanja mwa boma mmalo mwa a Malawi tonse, kuvina pa chinamwali kapena pa mwambo palibe amene angakuletseni, koma mukafuna kuzijambula kuti mugulitse kafunseni kaye ku COSOMA, ndipo agogo amene anakuphunzitsani nyimboyo musawaiwale.

Za akunja ndiye palibe vuto eti, poti ndi olemera kale?

Lamulo ndi lomwelo. Dziko lathu lili mu pangano la Berne limene limati nyimbo ya mlendo itetezedwe kuno ngati mmene yathu ingatetezedwere kwao. Komanso si onse olemera, woyimba wa ku Chipata kapena ku Nampula akuvutika ngati ife tomwe.

Ndapeza nyimbo yanga pa tchanelo cha munthu wina, ili ndi ma views ambiri kuposa pa changa. Nditani?

Musayambe ndi kutukwana. Jambulani screenshot kaye, pakhale dzina la tchanelo, tsiku ndi linki. Kenako mulembereni mwaulemu, ambiri amakhala mafani amene sankadziwa, mupempheni achotse kapena ngati mukuona kuti akukuthandizani mugwirizane kuti aike dzina lanu ndi linki yanu pamwamba. Akakana, YouTube ndi Facebook onse ali ndi fomu yodandaulira za copyright, mumadzaza nokha ulele, ndipo tchanelo chikalandira ma strike, kapena kuti machenjezo, atatu pa YouTube chimatha kutsekedwa, nchifukwa chake ambiri amachotsa msanga mukangotchula. Sungani umboni woti nyimbo ndi yanu, mafayilo a ku situdiyo, pepala la mgwirizano lija, mameseji a tsiku limene munajambula. Ngati wina wafika poiika pa Spotify mdzina lake, uzani kampani imene inakugawirani nyimbo komanso kadziwitseni a COSOMA. Amene munajambula kwa ine mafayilo anu ndimasunga pa hard drive iwiri, mukawafuna ingobwerani ndi fulashi yanu, Lamlungu ndimatsegula ndikaweruka ku tchalitchi.